Mayeso a GED: Mafunso ndi Mayankho pa Maphunziro Ake ndi Kalembedwe Kake

Ku United States, munthu amene sanamalize sekondale angathe kulemba mayeso n'kupeza satifiketi imene boma limaiwerengera mofanana ndi ya omaliza sukulu. Odziwika kwambiri mwa mayeso oterewa ndi a GED (General Educational Development). Anthu akwathu amene amafunsa za mayesowa nthawi zambiri ndi amene anasamukira ku America atasiyira sukulu panjira, makolo amene mwana wawo wafika kumeneko zaka za sekondale zitamupitirira, komanso mabanja ena a ku South Africa amene amaphunzitsa ana awo kunyumba. Mafunso amene amabwera kawirikawiri ndi awa.

Kodi GED ndi chiyani, ndipo inayamba bwanji?

Inayamba mu 1942, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati. Anyamata ambiri anatengedwa kupita kunkhondo asanamalize sekondale, ndipo akuluakulu a asilikali anapempha bungwe la American Council on Education kuti likonze mayeso oti asilikaliwo akabwerako adzasonyeze zimene akudziwa, m'malo mobwerera m'kalasi kukakhala ndi ana. Mu 1947 chigawo cha New York chinayamba kulola anthu wamba kulemba nawo, zigawo zina n'kutsatira.

Mayesowa akhala akukonzedwanso: mu 1978, mu 1988 pamene anawonjezera chimangirizo, mu 2002, ndiponso mu 2014. Amene akulembedwa panopa ndi a 2014 amenewo. Amawayendetsa ndi GED Testing Service, imene kuyambira 2011 ndi mgwirizano wa American Council on Education ndi kampani ya Pearson. Chaka cha 2014 muchikumbukire pogula mabuku. Buku lokonzekera GED losindikizidwa chisanafike chakachi likukonzekeretsani mayeso amene kulibenso, ngakhale wogulitsa atakutsitsirani mtengo bwanji.

Muli maphunziro angati, ndipo lililonse limatenga nthawi yaitali bwanji?

Muli maphunziro anayi. Masamu, amene amawatcha Mathematical Reasoning, amatenga mphindi 115. Chingerezi, chimene dzina lake ndi Reasoning Through Language Arts, chimatenga mphindi 150 kuphatikizapo mphindi 10 zopuma. Sayansi ndi mphindi 90, ndipo Social Studies ndi mphindi 70. Zonse pamodzi ndi maola 7 ndi mphindi zochepa.

Simukakamizidwa kulemba onse tsiku limodzi. Mungathe kulemba Sayansi mwezi uno, Masamu miyezi itatu ikubwerayi, ndipo phunziro limene mwakhoza limasungidwa. Kwa munthu wogwira ntchito usiku kapena wolera ana, ichi ndiye chabwino chachikulu cha GED: palibe nyengo imodzi ya mayeso imene ukaiphonya wadikira chaka chamawa. Mumasankha nokha tsiku limene malo olembera ali ndi mpata.

Ndinaphunzira ku Malawi. Kodi mayesowa akufanana ndi a MSCE?

Amasiyana kwambiri, ndipo amene sakumvetsa kusiyanaku amawononga miyezi akukonzekera molakwika.

Ambiri a ife tinakula tikudziwa kuti mayeso ndi kuloweza. Mphunzitsi amalemba manotsi pabolodi, wophunzira amakopera, usiku amaloweza, pa mayeso n'kubweza zimene analowezazo. GED siyendera zimenezo. Pafupifupi funso lililonse limabwera ndi chinthu choti muwerenge kapena kuyang'ana kaye: ndime ya nkhani, galafu, tebulo la manambala, mapu, chithunzi choseketsa cha ndale cha m'nyuzipepala. Yankho nthawi zambiri limakhala momwemo, koma lobisika moti munthu wowerenga mothamanga amalidumpha. Safunsa kuti nkhondo yakutiyakuti inayamba chaka chanji. Amakupatsani zolankhula za atsogoleri awiri a nthawi imeneyo n'kufunsa kuti akusemphana pa mfundo iti, kapena kuti ndi chiganizo chiti chimene chili maganizo a wolemba osati chenicheni chotsimikizika.

Motero mayeso onse anayi, ngakhale Masamu amene, kwenikweni ndi mayeso a kuwerenga Chingerezi ndi kuganiza. Munthu amene anasiya sukulu ali Fomu 2 koma wakhala akuwerenga nyuzipepala tsiku ndi tsiku angathe kuchita bwino kuposa amene anafika Fomu 4 poloweza basi. Komanso musataye nthawi kufunafuna mapepala a mayeso a chaka chatha monga timachitira kwathu. Olemba sapatsidwa mafunso ofanana onse, mafunsowo satulutsidwa poyera, ndipo amene akukutsatsani likasa la GED pa WhatsApp akungofuna ndalama zanu.

M'Masamu mumakhala zotani?

Pafupifupi 45 peresenti ya mafunso ndi ya manambala ndi miyezo: mafulakishoni, madesimo, maperesenti, chiwongoladzanja, kukula kwa malo, kuchuluka kwa zimene zingalowe m'thanki kapena m'bokosi, ndi kupeza avereji. Yotsalayo, pafupifupi 55 peresenti, ndi algebra: kupeza x, kuwerenga ndi kujambula mizere pa galafu, kutsetsereka kwa mzere, ma function, ndi ma quadratic equation. Mafunso onse amakhala pafupifupi 46.

Kawirikawiri funso limabwera ngati nkhani. Mwachitsanzo, wokonza mapaipi amalipiritsa madola 40 pongobwera pakhomo, kenako madola 25 pa ola lililonse limene wagwira ntchito, ndipo bilu yonse yakwana madola 140. Mwina angafunse kuti wagwira maola angati, yankho n'kukhala 4. Koma angathenso kungofunsa kuti mwa ma equation anayi awa, ndi iti imene ikuimira nkhaniyi, ndipo muyenera kuzindikira 40 + 25x = 140. Ambiri amene amagwa m'Masamu sagwa chifukwa cholephera kuchotsera kapena kugawa ayi. Amagwa posandutsa mawu kukhala equation.

Mafomula simuloweza, amakupatsani tsamba lake pa kompyuta pomwepo. Chimene tsambalo silingakuuzeni ndi fomula yoyenera funso limene lili patsogolo panu.

Pali msampha wina wa ife amene tinazolowera mamita ndi makilogalamu. Mafunso ambiri amagwiritsa ntchito miyezo ya ku America: mainchi, mafiti, mamailosi, mapaundi, magaloni, ndipo kutentha amayeza mu Fahrenheit. Dziwiranitu kuti mainchi 12 ndi futi imodzi, mafiti 3 ndi yadi imodzi, ndipo maaunsi 16 ndi paundi imodzi.

Kodi calculator imaloledwa?

Inde, kupatula pa mafunso ochepa oyambirira a Masamu, amene mumawerengera pamanja. Mukadutsa gawo limenelo simungabwererenso. Mtundu wololedwa ndi umodzi wokha, TI-30XS MultiView. Imaoneka pa sikirini, ndipo kumalo olembera mayeso mungathe kubweretsa yanu ya m'manja ya mtundu womwewo. Imagwiranso ntchito pa Sayansi ndi Social Studies. Igulenitu kapena ibwerekeni n'kuizolowera, chifukwa mabatani ake a mafulakishoni ndi ma square root sali pamene pali a Casio imene ambiri tinagwiritsa ntchito kusukulu.

Nanga Chingerezi chimayesedwa bwanji?

Muli magawo atatu. Loyamba ndi lachitatu ndi mafunso a kuwerenga ndi galamala, ndipo lapakati ndi chimangirizo cha mphindi 45. Ndime zowerenga zimakhala za mawu pakati pa 400 ndi 900. Zitatu mwa zinayi zilizonse ndi nkhani zenizeni, monga kalata ya kuntchito, nkhani ya sayansi kapena zolankhula za munthu wa m'mbiri ya America, ndipo chotsalacho ndi nkhani zopeka. Palibe mabuku osankhidwiratu oti muwerenge chaka chonse ngati a Literature ya kusekondale.

Galamala safunsa potchula mayina a malamulo ake. Amakupatsani kalata kapena chidziwitso chokhala ndi mipata, mukadina pampatapo pamatsika ziganizo zingapo, inu n'kusankha cholembedwa bwino.

Chimangirizo chija n'chimene chikundiopsa. Amafuna chiyani kwenikweni?

Amakupatsani nkhani ziwiri zotsutsana pa mutu umodzi. Tiyerekeze kuti mutu ndi woti mzinda uletse majumbo apulasitiki m'masitolo. Wolemba woyamba akuti aletsedwe, ndipo akupereka chiwerengero cha ndalama zimene mzindawo umawononga pochotsa majumbo m'ngalande. Wachiwiri akuti asaletsedwe, koma umboni wake ndi woti agogo ake amadandaula akaiwala chikwama kunyumba. Ntchito yanu ndi kunena kuti ndani mwa awiriwa wachirikiza bwino mfundo yake, ndi kusonyeza chifukwa chake pogwiritsa ntchito zimene zili m'nkhanizo.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Funso silikufuna maganizo anu pa majumbo. Mwina inu muli ndi zambiri zonena, mwaona ngalande za ku Lilongwe zitatsekeka nyengo ya mvula, ndipo mtima ukukukokerani kulemba zimenezo. Mukatero mwalemba chimangirizo chokoma koma chopanda malikisi. Muli ngati nyakwawa imene yamvetsera mbali ziwiri pabwalo: sinena zimene ikanachita ikanakhala mwini mlandu, imanena kuti mwa awiriwa ndani wabwera ndi umboni wogwirika. Mungathe kusankha mbali imene mumtima simugwirizana nayo ngati ndi imene ili ndi umboni wamphamvu.

Kulakwitsa kwina ndi kungobwereza zimene olemba awiriwo anena, woyamba wati chakuti, wachiwiri wati chakuti, basi. Kufotokoza mwachidule si kusanthula. Muyenera kunena kuti chiwerengero cha woyamba chachokera ku ofesi ya mzinda ndipo n'chaposachedwa, pamene wachiwiri wadalira nkhani ya munthu mmodzi imene singaimire anthu onse.

Pochonga amayang'ana zinthu zitatu, chilichonse malikisi kuyambira 0 mpaka 2: mfundo yanu ndi umboni umene mwatenga m'nkhanizo, kasanjidwe ka maganizo anu, ndi Chingerezi chomveka. Sayembekezera chinthu chosalala ngati cha m'buku, amadziwa kuti mwalemba m'mphindi 45. Ndime zinayi kapena zisanu zokhala ndi mawu 300 mpaka 500 zimakwana. Chimangirizochi chilibe malire akeake okhozera, malikisi ake amangophatikizidwa ndi a mafunso ena a Chingerezi. Alipo amene amakhoza phunziroli atapeza zochepa kwambiri pa chimangirizo, koma kuchisiya dala osalemba ndi kutaya malikisi amene akanakuwolotsani.

M'Sayansi ndiyembekezere chiyani?

Za zamoyo ndi thupi la munthu zimatenga 40 peresenti, za Physics ndi Chemistry 40 peresenti, ndipo za dziko lapansi ndi zakuthambo 20 peresenti. Mitu yake si yachilendo kwa amene anafika Fomu 3: maselo, chibadwa chochokera kwa makolo, kagayidwe ka chakudya, mphamvu ndi kayendedwe ka zinthu, maatomu, nyengo.

Chimene amakonda kwambiri ndi kafukufuku. Angakufotokozereni za wophunzira amene wadzala nyemba m'miphika itatu, wathira feteleza wosiyana muyezo, koma mphika umodzi wauika pamthunzi. Kenako amafunsa chimene chalakwika pa kafukufukuyo, kapena chimene wophunzirayo amasintha dala ndi chimene amayeza. Mukamvetsa bwino zimenezi, ndi kuwerenga magalafu, mwapeza gawo lalikulu la malikisi.

Social Studies ndi ya dziko lonse kapena ya America yokha?

Kwakukulu ndi ya America, ndipo kwa munthu wokulira kwina ili ndilo phunziro limene muyenera kuyamba pachiyambi penipeni. Theka la mafunso ndi la boma ndi unzika, 20 peresenti ndi mbiri ya United States, 15 peresenti ndi zachuma, ndipo 15 peresenti yotsala ndi Geography ndi zochitika za dziko lonse.

Ngakhale mayankho amakhala m'ndime zimene mwapatsidwa, ndimezo n'zovuta kumva ngati simudziwa maziko. Dziwani kuti dzikolo linalengeza ufulu wake kuchoka ku Britain mu 1776, kuti malamulo ake aakulu analembedwa mu 1787, ndipo kuti zosintha 10 zoyambirira za malamulowo, zotchedwa Bill of Rights, zinavomerezedwa mu 1791. Dziwani nthambi zitatu za boma ndi mmene iliyonse imaletsera inzake kupyola malire: pulezidenti angakane kusayina bilu, koma aphungu akagwirizana magawo awiri mwa atatu m'nyumba zonse ziwiri biluyo imakhala lamulo, ndipo khoti lalikulu lingathe kuthetsa lamulo losemphana ndi malamulo aakulu. Nyumba ya Senate ili ndi mamembala 100, awiri chigawo chilichonse, pamene House of Representatives ili ndi 435 ogawidwa motsatira chiwerengero cha anthu.

Zinthu ziwiri zimasokoneza kwambiri anthu ochokera kwathu. Choyamba ndi chakuti zigawo za ku America si zili ngati maboma a Dedza kapena Mangochi amene amalandira malamulo kuchokera kulikulu. Chigawo chilichonse chili ndi nyumba yake ya malamulo, bwanamkubwa wake wosankhidwa ndi anthu, ndi makhoti ake, ndipo mafunso ambiri amafuna mudziwe mphamvu za boma lalikulu ndi za zigawo. Chachiwiri ndi kasankhidwe ka pulezidenti, kamene sikayendera mavoti onse a dziko kuphatikizidwa pamodzi koma mavoti 538 a Electoral College, gulu la anthu oimira zigawo posankha pulezidenti, wopambana n'kufunika 270.

Pa mbiri, nkhani zimene zimabwerabwera ndi ukapolo ndi nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865, ufulu wa amayi wovota umene unakhazikitsidwa mu 1920, kugwa kwa chuma kwa m'ma 1930, nkhondo ziwiri za dziko lonse, ndi kulimbana kwa anthu akuda pofuna ufulu wofanana, kuphatikizapo chigamulo cha 1954 choletsa tsankho m'sukulu ndi lamulo la Civil Rights Act la 1964. Zolemba zakale za m'ma 1700 zili m'Chingerezi cha ziganizo zitalizitali chimene ngakhale eni chinenerocho chimawavuta, ndiye ndi bwino kuziwerengako nthawi isanakwane. Ubwino wake, amene adzafune unzika wa America m'tsogolo adzapeza kuti zambiri mwa izi zimafunsidwanso pa mayeso a unzika.

Mafunso amaoneka bwanji? Kompyuta sindinaizolowere.

Ambiri ndi osankha yankho limodzi mwa anayi. Ena mumakoka mawu kapena nambala ndi mouse n'kukaika pamalo pake, ena mumadina malo pa mapu kapena pa galafu, ena mumataipa nokha yankho m'kabokosi. Funso lovuta mungathe kuliika chizindikiro n'kudzalibwerera nthawi ikatsala. Yankho lolakwika silichotsetsa malikisi, choncho musasiye funso lopanda yankho.

Ngati mumataipa ndi chala chimodzi, yambani kuphunzira kiyibodi lero, osati foni. Mphindi 45 za chimangirizo zimatha msanga kwa munthu amene akusakasaka chilembo chilichonse. Kumalo olembera amakupatsani timabolodi tofufutika tolembapo masamu ndi mfundo. Foni, chikwama ndi mapepala anu zimatsala kunja.

Kukhoza ndi malikisi angati?

Phunziro lililonse limachongedwa kuyambira 100 mpaka 200, ndipo kukhoza ndi 145. Manambalawa si maperesenti, ndiye musawerengere kuti 145 ndi mafunso angati. Muyenera kufika 145 pa phunziro lililonse palokha. Mukapeza 180 m'Sayansi koma 143 m'Masamu, Sayansiyo singakwezere Masamu. Poyamba malire anali 150, koma anawatsitsa mu 2016.

Kuyambira 165 mpaka 174 amati mwakonzeka kuphunzira kukoleji, ndipo makoleji ena sakulembetsaninso mayeso awo oyezera kalasi yoyambira. Kuyambira 175 mpaka 200, makoleji ena amakuwerengerani ngati mwamaliza kale maphunziro angapo a chaka choyamba, zimene zimachepetsa fizi. Si koleji iliyonse imene imatero. Zotsatira zimatuluka pa akaunti yanu ya ged.com, nthawi zambiri tsiku lomwelo kapena mawa lake, ndipo zimasonyeza mitu imene munafooka.

Ndikalephera phunziro limodzi, ndibwereza onse?

Ayi, mumabwereza lokhalo. M'zigawo zambiri mungathe kubwereza kawiri popanda kudikira, koma mukalephera kachitatu mumadikira masiku 60 musanayesenso.

Ndani amaloledwa kulemba, ndipo zimadya ndalama zingati?

Munthu amene sali pa sukulu ya sekondale ndipo sanamalize. M'zigawo zambiri zaka zoyambira ndi 18. Wa zaka 16 kapena 17 amafunika chilolezo cha makolo ndi kalata yosonyeza kuti anachoka pasukulu. Kumtunda kulibe malire, agogo amalemba. Zigawo zina zimafuna umboni woti mumakhala m'chigawocho, zina zimafuna muyambe mwaphunzira makalasi okonzekera. Pa tsiku la mayeso mumafunika chiphaso cha boma chokhala ndi chithunzi, monga pasipoti, ndipo dzina la pachiphasocho lifanane ndendende ndi limene munalembetsa. Ife amene tili ndi mayina atatu kapena anayi, lina la ubatizo lina la agogo, tizisamala pamenepa, chifukwa dzina likasiyana angathe kukubwezani pakhomo ndalama n'kupita.

Mtengo umaikidwa ndi chigawo. M'zigawo zambiri phunziro limodzi ndi madola pakati pa 30 ndi 40, zigawo zina monga New York ndi ulere kwa okhala kumeneko, ndipo olembera kunja kwa America amalipira kuposa pamenepa. Ku America mayesowa amapezeka m'Chingerezi ndi m'Chisipanishi. Amene ali ndi ulumali kapena vuto la maso angapemphe nthawi yowonjezera, koma pempholo limatumizidwa ndi zikalata za dokotala musanasankhe tsiku.

Kodi ndingalembere kunyumba pa intaneti?

M'zigawo zambiri za America n'zotheka kuyambira 2020. Mumafunika kompyuta ya kamera, intaneti yosadukaduka, ndi chipinda chimene simulowa munthu, chifukwa woyang'anira amakuonerani pa kamera nthawi yonse. Mwana akatsegula chitseko mayeso angathe kuimitsidwa. Pepala ndi calculator ya m'manja siziloledwa, zonse mumachitira pa sikirini. Musanaloledwe angakufunseni kulemba mayeso oyeserera otchedwa GED Ready n'kupeza chizindikiro chobiriwira m'masiku 60 apitawo.

Ngakhale mukukalembera kumalo a mayeso, GED Ready ndi yothandiza. Ndi yaifupi, pafupifupi theka la mayeso enieni, ndipo imakuuzani ngati mwakonzeka. Chobiriwira ndiye kuti mwina mukhoza, chachikasu muli pamalire, chofiira bwererani ku mabuku. Kwa Masamu, ine ndingalangize kukalembera kumalo a mayeso, chifukwa kulemba equation ndi mouse pa bolodi ya pa sikirini kumadya nthawi.

Ndamvanso za HiSET. Ndi chimodzimodzi?

Ndi mayeso ena opereka satifiketi ya mtundu womwewo. Anayamba mu 2014 pamene zigawo zina sizinakondwe ndi kukwera mtengo kwa GED ndi kuchotsedwa kwa mayeso a papepala. HiSET ili ndi maphunziro asanu chifukwa kuwerenga ndi kulemba anazilekanitsa. Lililonse limachongedwa mpaka 20, ndipo mumafunika 8 pa lililonse, 2 mwa 6 pa chimangirizo, ndi 45 mukaphatikiza onse. Kupatula chimangirizo, pafupifupi mafunso onse ndi osankha yankho, ndipo m'malo ambiri mungathe kulemba papepala. Kwa munthu wamkulu amene kompyuta imamuchititsa mantha, ichi si chinthu chaching'ono. Zigawo zina zili ndi GED yokha, zina monga Iowa ndi Maine zakhala zikugwiritsa ntchito HiSET, zina zimalola zonse ziwiri. Panalinso mayeso achitatu otchedwa TASC, koma anatha mu 2021.

Ndili kunja kwa America. GED ingandithandize?

Funso loyamba si loti mungalembe kapena ayi, koma loti amene mukufuna kukamupatsa satifiketiyo adzailandira. Mayesowa amalembedwa m'mayiko ambiri kudzera m'malo ovomerezeka a Pearson VUE, ndipo satifiketi ya olembera kunja imachokera ku District of Columbia. Makoleji ambiri a ku America amailandira. Kwina kulikonse, funsani kaye ndipo yankho likhale lolembedwa.

Ku Canada GED inatha mu May 2024, m'malo mwake muli mayeso awoawo otchedwa Canadian Adult Education Credential. Ku South Africa, kumene mabanja ambiri ophunzitsa ana kunyumba anaikonda, mabungwe a SAQA (loona za masatifiketi) ndi Universities South Africa (la mayunivesite) akhala akukhwimitsa malamulo awo pa GED, choncho musalipire sukulu ya pa intaneti imene ikulonjeza kuti ndi chimodzimodzi matric (satifiketi yomalizira sekondale kumeneko) musanamve kwa yunivesite imene mukuifuna. Munthu wa zaka 21 kapena kuposa kumeneko ali ndi njira ya boma ya Amended Senior Certificate.

Kwa amene ali ku Malawi ndipo akufuna koleji kapena ntchito ya konkuno, njira yowongoka ndi kulembanso MSCE ya MANEB kudzera ku sukulu za masana zija timati open. Mayunivesite a boma amafuna makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndipo GED ili ndi maphunziro anayi okha. Ku Zambia njira yofanana nayo ndi mayeso a GCE a Examinations Council of Zambia.

Ndikufuna kuyesa mwayi wa DV lottery. GED ikwanira?

Ayi. Malamulo a Diversity Visa amanena poyera kuti satifiketi zongofanana ndi za sekondale, monga GED, sizilandiridwa. Amafuna munthu amene anamaliza zaka 12 za pulayimale ndi sekondale m'kalasi, kapena amene wagwira zaka ziwiri, m'zaka zisanu zapitazi, ntchito ya luso imene ili pa mndandanda wawo. N'zodabwitsa kuti satifiketi ya ku America komweko ikukanidwa ndi boma la America, koma lamulo lake ndi limenelo.

Ndili kale ndi MSCE ndipo ndasamukira ku America. Ndilembenso GED?

Kawirikawiri sipafunika. Makoleji ndi olemba ntchito ambiri amalandira satifiketi yakunja ikaunikidwa ndi bungwe loona za kufanana kwa maphunziro, monga WES kapena ECE. Yambani mwafunsa koleji kuti imadalira bungwe liti. GED imathandiza ngati satifiketi yanu inatayika ndipo kupeza ina kukutenga nthawi, kapena ngati simunakhoze bwino moti kuunikako sikungakupindulireni.

Kodi olemba ntchito amailemekeza ngati dipuloma ya kusukulu?

Pa malamulo, inde. Imakutsegulirani ntchito zofuna sekondale, makoleji a zaka ziwiri, maphunziro a unamwino wothandizira ndi ntchito zamanja, komanso thandizo la boma la fizi kwa amene ali oyenera kulandira. Kuusilikali n'kosiyana pang'ono, chifukwa a GED amaikidwa m'gulu lachiwiri ndipo malo awo ndi ochepa, pokhapokha atawonjezera maphunziro a kukoleji.

Akatswiri a zachuma James Heckman ndi Stephen Cameron anasonyeza mu 1993 kuti malipiro a anthu a GED yokha anali pafupi ndi a osiya sukulu kusiyana ndi a omaliza sekondale. Kafukufukuyo ndi wa mayeso akale, komabe phunziro lake likadalipo: phindu lenileni limabwera mukaigwiritsa ntchito kulowera kukoleji kapena kukaphunzira luso. Mukapeza dipuloma ya unamwino kapena ya zamagetsi, palibenso amene amafunsa kuti sekondale munamaliza bwanji.

Ndiyambire pati pokonzekera?

Tsegulani akaunti yaulere pa ged.com kuti muone malamulo a chigawo chanu, kenako fufuzani makalasi a anthu akuluakulu. M'mizinda yambiri ya ku America amaphunzitsa mwaulere kapena pa mtengo wochepa m'makoleji a m'dera, m'malaibulale ndi m'matchalitchi, ndipo ambiri ali ndi makalasi a madzulo. Amayamba akuyesani kuti adziwe pamene muli. Ngati Chingerezi chikadali chovuta, amakuikani kaye m'kalasi ya chinenero, ndipo musaone ngati akuchedwetsani, popeza maphunziro onse anayi atsamira pa kuwerenga.

Pa kasanjidwe, ambiri zimawayendera akayamba ndi phunziro limene GED Ready yawapatsa chobiriwira, nthawi zambiri Sayansi kapena Chingerezi, kuti aone kukhoza koyamba msanga. Masamu ndi amene amagwetsa anthu ambiri, ndiye muziwaphunzira pang'onopang'ono kuyambira tsiku loyamba ngakhale mudzawalembe pomaliza. Theka la ola tsiku lililonse limaposa maola asanu a Lamlungu lokha. Ndipo samalani ndi masamba a pa intaneti amene amalonjeza satifiketi ya GED m'sabata imodzi mukangolipira. Satifiketi yeniyeni imatuluka ku boma la chigawo mutalemba mayeso oyang'aniridwa, ndipo kulembetsa kwake kumachitikira pa ged.com pokha.